KUZUKUTA MAKALATA A OIMBA: EVISON MATAFALE NDI LUDWIG VAN BEETHOVEN

Zolinga za phunziroli

Pomaliza pa phunziroli muyenera:

1. kusiyanitsa nyimbo ndi kalata potengera woyankhulidwa
2. kugwiritsa ntchito mafunso asanu pozukuta kalata iliyonse
3. kupeza mfundo zazikulu, mamvekedwe ndi zipangizo m'kalata
4. kuyankha funso la kalata mopereka umboni

Mawu oyamba

Kuyambira ku pulayimale mwakhala mukulemba makalata. Mukudziwa kuti kalata yamchezo imakhala ndi keyala imodzi, tsiku, malonje, thunthu ndi mawu otsanzika, pomwe yantchito imakhala ndi makeyala awiri komanso mutu. Zimenezo n'zofunika ndithu, koma ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kuwerenga kalata imene walemba munthu wina. M'nthano, m'nkhani zazifupi ndi m'masewero, alembi amakonda kuika kalata pamene zinthu zikutembenuka: ukwati ukutha, chinsinsi chikuululika, kapena wina akuitanidwa kumudzi. Wophunzira amene amaidumpha kalatayo pothamangira kumapeto kwa nkhani amataya malikisi, chifukwa nthawi zambiri phata la nkhaniyo limakhala m'kalata momwemo.

M'phunziro lino tiona makalata a oimba awiri otchuka. Mmodzi ndi wakwathu konkuno, wina ndi wa ku Ulaya. Kalata ya woyambayo inafika m'manja mwa apolisi, mwini wake n'kumangidwa. Kalata ya wachiwiriyo sinatumizidwe n'komwe. Inapezeka mwini wake atamwalira.

Nyimbo ndi kalata zimasiyana pati?

Woimba ali nayo kale njira yolankhulira ndi anthu. Nanga amatengeranji cholembera? Yankho lili pa woyankhulidwa. Nyimbo imalankhula kwa aliyense amene watsegula wailesi. Ikamadzudzula imabisala m'zining'a ndi m'miyambi, mwakuti wodzudzulidwayo atha kuvina nawo, mumtima n'kumati akunena wina. Kalata ilibe pobisala. Pamwamba pali dzina la woilandira, pansi pali dzina la woilemba, pambali pali tsiku. Wolemba sangathe kunena kuti, "Ine ndimangoimba." N'chifukwa chake m'kalata timapezamo zimene munthu sakanaziika m'nyimbo: mantha ake, mkwiyo wake, matenda ake ndi ngongole zake.

Mafunso asanu

Mukakumana ndi kalata, kaya m'buku kaya pa mayeso, dzifunseni izi:

1. Akulemba ndani?
2. Akulembera yani?
3. Akulemba liti, ali kuti?
4. Akufuna chiyani? Kalata iliyonse imapempha kanthu: ndalama, chikhululukiro, chikondi, chilungamo, kapena kungomvetsedwa basi.
5. Anaiwerenga ndani, nanga anaiwerenga liti?

Funso lachisanuli ndi limene ambiri amaliiwala, koma inu a kuno ku Chipoka mulimvetsa msanga. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935, ndipo mu 1951 sitima ya Ilala inayamba kuyenda panyanja. Kwa zaka zambiri pa Chipoka ndi pamene sitima ya pamtunda inkakumana ndi ya pamadzi, n'kumapatsirana anthu ndi katundu. Taganizani za kalata yochokera ku migodi ya ku Joni masiku amenewo. Mwini wake mwina sanailembe yekha, anachita kuuza mnzake wodziwa kulemba. Inkayenda masiku ambiri. Ikafika pamudzi, mayi woilandira ankaitana mwana wasukulu kuti awawerengere, apongozi ali pamkeka pomwepo. Mawu olembera munthu mmodzi ankamvedwa ndi anthu asanu, ndipo mwina wodwala amene kalatayo inkamufunsa anali ataikidwa kale m'manda. Lero njanji yalowedwa m'malo ndi foni, koma vuto ndi lomwelo: uthenga wa pa WhatsApp wolembera mnzanu mmodzi umajambulidwa n'kufika pagulu lonse. Tanthauzo la kalata limasintha malinga ndi amene waigwira.

Chitsanzo choyamba: Evison Matafale

Evison Matafale anabadwa mu 1969. Kwawo kunali kwa Singano, ku Chileka m'boma la Blantyre. Ankaimba chamba cha reggae ndipo anali wachipembedzo cha Chirasta. Anatchuka ndi chimbale cha *Kuimba 1* chimene anajambula ndi gulu la Wailing Brothers mu 1999. Kenaka anayambitsa gulu la Black Missionaries, lomwe anatulutsa nalo *Kuimba 2* mu 2001. Nyimbo zake zinkanena za umphawi, kusowa kwa chilungamo ndi za Mulungu, mwakuti ambiri ankamutcha mneneri.

Mu Novembala 2001 apolisi anamumanga pomuganizira kuti analemba kalata yodzudzula boma la Pulezidenti Bakili Muluzi, imene iwo anati inali youkira boma. Nkhani zimene zinafalitsidwa nthawi imeneyo zinati Matafale ankadandaula kuti boma likukondera magulu ena a anthu ndi kuti anthu wamba akudyeredwa masuku pamutu. Anamutengera ku Lilongwe ali wodwala kale, ndipo patangopita masiku ochepa, pa 27 Novembala 2001, anamwalira ali m'manja mwa apolisi. Apolisi anati chinamupha ndi chibayo. Abale ake ndi anthu ambiri sanakhutire ndi yankholi, ndipo boma linakhazikitsa komiti yofufuza za imfayo. Kuchokera nthawi imeneyo, okonda nyimbo zake akhala akusonkhana ku Chileka mwezi wa Novembala kuti amukumbukire.

Taonani mmene ndime yapitayi yalembedwera: "apolisi anati", "nkhani zinati", "abale ake sanakhutire". Umu ndi mmene muyenera kulembera nkhani imene anthu amasiyana maganizo. Muzionetsa mwini wa mawu alionse. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Tsopano tiyese mafunso athu asanu. Wolemba ndi woimba amene mawu ake ankamveka dziko lonse. Wolemberedwa ndi atsogoleri a dziko. Nthawi yake ndi 2001, patatha zaka zisanu ndi ziwiri chichitikireni chisankho cha matipate cha 1994. Malamulo aakulu a dziko, pa gawo 35, anali atapereka kale ufulu wolankhula zakukhosi, koma m'buku la milandu munali mudakali mlandu wolemba kapena kulankhula zoukira boma, womwe unachokera ku nthawi ya atsamunda. Mlandu umenewu Nyumba ya Malamulo inadzauchotsa mu 2022. Chimene wolembayo ankafuna ndi chakuti dandaulo lake limveke. Koma amene anaigwira kalatayo anaiwerenga ngati umboni wa mlandu.

Apa ndiye pali phunziro. Matafale anaimba nyimbo zodzudzula ndipo zinkaimbidwa m'mawailesi ndi m'maminibasi. Koma chimene apolisi anatchula pomumanga chinali kalata, osati nyimbo. Pepala limodzi lomwelo linali dandaulo kwa mwini wake, mlandu kwa apolisi, ndipo kwa omukonda linasanduka chizindikiro cha kulimba mtima. Chenjezo n'lakuti kukonda woimba sikutanthauza kuti zonse zimene analemba n'zoona. Munthu wokwiya amatha kukokomeza, ndipo amatha kuloza chala gulu lonse la anthu chifukwa cha zochita za ochepa. Wozukuta wabwino amasiyanitsa zimene wolemba akumva mumtima ndi zimene wapereka umboni wake.

Chitsanzo chachiwiri: Ludwig van Beethoven

Tichoke ku Chileka tipite ku Ulaya, tibwererenso m'mbuyo zaka pafupifupi 200. Ludwig van Beethoven anabadwira mumzinda wa Bonn ku Germany mu 1770. Mu 1792 anasamukira ku Vienna, ku Austria, komwe anatchuka ngati katswiri woimba piyano ndi wopeka nyimbo. Asanakwanitse zaka 30 makutu ake anayamba kugontha. Anabisa vutoli kwa zaka zingapo, kuopa kuti adani ake pantchito angamuseke. Mu 1802 dokotala wake, Johann Adam Schmidt, anamulangiza kuti akapumule kumudzi wina wa phee wotchedwa Heiligenstadt, kunja kwa Vienna. Anakhalako pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi, koma makutu aja sanasinthe. Pa 6 Okutobala 1802 analembera kalata ang'ono ake awiri, Carl ndi Johann, ndipo pa 10 Okutobala anawonjezerapo mawu ena ochepa.

Kuti mumvetse kukula kwa tsokali, taganizani za siginala, uja amatsogolera anzake ndi nyali popha usipa usiku. Ntchito yake yonse yagona pa maso. Ndiye maso aja ayambe kuchita khungu, iye n'kumabisa kuti eni chilimira angamuchotse. Anzake akamuitana kuti aone china chake iye amangokalipa, iwo n'kumati wayamba matama. Umu ndi mmene zinalili kwa Beethoven.

*Zimene zili m'kalatayi*

(a) Akuyamba ndi kudandaula kuti anthu amamuona ngati waukali, wamakani ndi wodana ndi anzake, pomwe sakudziwa chifukwa chake chobisika.

(b) Akuulula kuti kwa zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akuvutika ndi makutu, madokotala akumulonjeza kuti achira koma osachira. Ankalephera kuuza anthu kuti akweze mawu, chifukwa kumva ndi kumene woimba amayenera kuposa nako anthu onse. Choncho anayamba kudzipatula.

(c) Akukumbukira manyazi amene anamva pamene munthu amene anali naye anamva chitoliro chikulira patali, nthawi ina anamva mbusa akuimba, koma iye osamva kanthu.

(d) Akuvomera kuti anatsala pang'ono kudzipha, ndipo chimene chinamubweza ndi luso lake. Anaona kuti sangachoke padziko asanatulutse nyimbo zonse zimene zinali mwa iye.

(e) Akupempha kuti akadzamwalira, Dokotala Schmidt adzafotokoze za matenda akewo kuti anthu adzamumvetse. Akusiyira ang'ono akewo chuma chake chochepacho, n'kuwauza kuti agawane mwachilungamo, azigwirizana, ndipo aphunzitse ana awo khalidwe labwino, pakuti chimwemwe chimachokera m'khalidwe osati m'ndalama.

(f) M'mawu owonjezera aja, mtima wagweratu pansi. Akuti chiyembekezo chimene anabwera nacho kumudziko chafota ngati masamba oyoyoka, ndipo akupempha Mulungu tsiku limodzi lokha lachimwemwe.

Kalatayi sanaitumize. Anaisunga mpaka pamene anamwalira pa 26 Malichi 1827, patatha zaka 24. Inapezeka pakati pa mapepala ake ndipo inasindikizidwa chaka chomwecho. Pepala lenilenilo likusungidwa ku laibulale ya ku Hamburg.

Kuzukuta kalata ya Beethoven

*Woyankhulidwa.* Pamwamba palembedwa kuti ndi ya ang'ono ake. Koma tamverani mmene ikuyendera: ikuyamba ndi kulankhula kwa anthu onse amene amamuweruza, kenaka kwa Mulungu, kenaka kwa ang'ono ake, mpaka kwa imfa imene. Woyankhulidwa akusinthasintha. Izi zikutiuza kuti wolembayo ankayembekezera kuti tsiku lina anthu ambiri adzaiwerenga. Ndi kalata yamchezo, komanso ndi wilo, komanso ndi mawu odziteteza pabwalo.

*Malo ndi nthawi.* Ku Ulaya mwezi wa Okutobala masamba amayoyoka, chisanu chili pafupi. Kwathu kuno Okutobala ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo. Wophunzira amene sadziwa kusiyana kumeneku sangamvetse chifukwa chimene wolembayo anasankhira masamba ofota. Malo ndi nthawi si zongotchula kuti mupeze malikisi amodzi ayi. Muzionetsa mmene zikukhudzira maganizo a wolemba.

*Kulimbana.* Kulipo kwa mitundu itatu: wolemba ndi matenda ake, wolemba ndi anthu amene sakumumvetsa, wolemba ndi mtima wake womwe, pakati pa kufa ndi kukhala ndi moyo. Pampondachimera ndi pamene akuvomera zoti anafuna kudzipha kenaka n'kusankha moyo.

*Mamvekedwe.* Sali amodzi. Akuyamba modandaula, akufika pa manyazi, akulimba mtima, akulangiza ngati mkulu wa banja, kenaka m'mawu owonjezera akutayanso mtima. Mukangoyankha kuti "kalatayi ndi yachisoni" mwangokhudza pamwamba. Onetsani pamene mamvekedwe akusinthira.

*Zipangizo.* Pali chifanifani, pamene chiyembekezo chikufanizidwa ndi masamba ofota. Pali umunthu, pamene luso likuchita ngati munthu wogwira mnzake pamkono, ndi pamene imfa ikulankhulidwa ngati mlendo amene akubwera. Pali chizindikiro: chitoliro chija chikuimira dziko lonse la nyimbo limene likumutsekera chitseko. Palinso msemphano, kutanthauza kuti zochitika zikusemphana ndi zimene tikanayembekezera: munthu wopeka nyimbo ndiye amene sakumva. Msemphano wina timauona ife owerenga chifukwa tikudziwa zimene iye sankadziwa. Ankatsanzika ngati wakufa, chonsecho nyimbo zake zotchuka kwambiri zinali zisanapekedwe. Nyimbo yake yaitali yoimbidwa ndi zida zambiri pamodzi ndi kwaya, yotchedwa Symphony ya nambala 9, inaimbidwa koyamba ku Vienna pa 7 Meyi 1824, iye atagontha pafupifupi kotheratu.

*Mfundo zazikulu.* Kuweruza munthu usanadziwe vuto lake. Paja mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Ulumali ndi manyazi amene anthu amaumatika. Kupirira. Ntchito imene munthu amaikonda ngati chifukwa chokhalira ndi moyo. Ubale ndi kagawidwe ka chuma cha masiye.

Pamfundo ya kutaya mtimayi ndiwonjezerepo mawu amene si a mayeso. Mnzanu akakulemberani zoti moyo wamukwana, chimenecho si chinsinsi chosunga. Uzani kholo, mphunzitsi kapena wachipatala tsiku lomwelo.

Kodi kalata imanena zoona zokhazokha?

Ayi. M'kalatayi Beethoven akudzitchula ngati munthu wa zaka 28, pomwe anali ndi zaka 31. Komanso dzina la Carl analilemba, koma pamene panayenera kukhala dzina la Johann anasiyapo mpata, ndipo anachita zimenezi katatu. Akatswiri akhala akutsutsana za chifukwa chake. Inu chimene mungatolepo n'chakuti zimene wolemba wasiya zimalankhulanso. Kumbukiraninso kuti tikumva mbali imodzi. Anthu amene iye ankawakalipira sanapatsidwe mpata woyankha m'kalatamo.

Pakati pa mapepala akewo panapezekanso kalata ina yachikondi ya masamba 10, yolembedwa ndi pensulo. Ilibe dzina la mkazi wolemberedwayo, ilibe chaka, ilibe malo. Ili ndi masiku okha, 6 ndi 7 Julayi, ndipo ikusonyeza kuti pa 6 panali Lolemba. Pofufuza zaka zimene 6 Julayi linali Lolemba, pamodzi ndi maulendo a Beethoven ndi mtundu wa pepalalo, akatswiri anapeza kuti inalembedwa mu 1812 ku Teplitz. Kumeneko ndiye kuzukuta: kutola umboni waung'ono m'kati mwa zolembedwa n'kumangapo mfundo.

Kufananitsa makalata awiriwa

Onse awiri anali ndi nyimbo, koma atafika pothina anatenga cholembera. Onse ankafuna kumvedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti Matafale ankaloza kunja, kwa olamulira, pomwe Beethoven ankaloza m'kati, mumtima mwake. Kalata ya Matafale inawerengedwa msanga ndi anthu amene anali ndi mphamvu zomumanga. Ya Beethoven inawerengedwa mochedwa, mwini wake sangathenso kupwetekedwa kapena kuthandizidwa. Pa makalata onse awiri, chimene chinagamula zotsatira zake ndi funso lachisanu lija.

Mwina mufunsa kuti, kodi si kusowa ulemu kuwerenga kalata ya munthu? Funso labwino. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi mauthenga ake. Kalata ya ku Heiligenstadt timaiwerenga momasuka chifukwa mwini wake anapempha kuti anthu adzadziwe za vuto lake akadzamwalira. Yachikondi ija sanapemphe choncho. Kambiranani ngati kutchuka kwa munthu kumatipatsa ufulu wotsegula chikwama chake.

Kayankhidwe pa mayeso

Ndime iliyonse ya yankho lanu ikhale ndi zinthu zitatu: mfundo, umboni ndi kufotokozera. Nali funso lachitsanzo: *Fotokozani khalidwe limodzi la wolemba kalata ya ku Heiligenstadt.*

Yankho lofooka: "Beethoven anali wopirira chifukwa anapirira kwambiri." Apa palibe umboni, mawu angozungulira pamodzimodzi.

Yankho labwino: "Beethoven anali wopirira. Ngakhale anavutika ndi kugontha kwa zaka zisanu ndi chimodzi mpaka kuganiza zodzipha, anasankha kukhala ndi moyo kuti amalize nyimbo zimene ankafuna kupeka. Izi zikusonyeza kuti anaika ntchito yake patsogolo pa ululu wake."

Pewani zolakwika izi: kukamba nkhani yonse m'malo moyankha funso; kusokoneza wolemba buku ndi mtengambali amene walemba kalata m'bukumo; kutchula chipangizo popanda kunena ntchito yake; ndi kulemba maganizo anu ngati kuti ndi a wolemba kalatayo.

Ntchito

1. Tchulani njira ziwiri zimene kalata imasiyanirana ndi nyimbo.
2. Fotokozani mmene anthu atatu osiyana anaonera kalata ya Matafale.
3. N'chifukwa chiyani Beethoven anabisa matenda ake? Perekani zifukwa ziwiri.
4. Kodi chitoliro chikuimira chiyani m'kalata ya ku Heiligenstadt?
5. Pezani kalata, uthenga kapena mawu otumidwa m'buku limodzi mwa mabuku amene mukuwerenga chaka chino. Yankhani mafunso asanu aja, kenaka fotokozani mmene nkhaniyo ikanathera uthengawo ukanapanda kufika.
6. Yerekezani kuti ndinu Carl ndipo kalata ija yakufikani mu 1802. Lembani kalata yamchezo yoyankha mkulu wanu. Mawu asapitirire 200.
7. M'magulu, chitani mtsutso pamutu uwu: "Makalata a munthu wotchuka akamwalira ndi chuma cha dziko, osati cha banja lake."